Ngongole Imene Inatseka Masitolo a Toys "R" Us: Chifukwa Chake Antchito Oposa 30,000 Anapita Kwawo Chimanjamanja

Pa 29 Juni 2018, masitolo omaliza a Toys "R" Us m'dziko la America anatsekedwa. Iyi inali kampani yogulitsa zidole ndi zoseweretsa za ana, ndipo kwa zaka zambiri panalibe ina yofanana nayo kukula. M'masabata omaliza katundu ankagulitsidwa pa mtengo wotaya, mpaka mashelefu omwe anaikidwa pa malonda. Anthu oposa 30,000 ntchito inawathera. Ena mwa iwo anali atagwira pakampaniyi zaka 20 kapena 30, koma tsiku lomalizalo anatuluka pakhomo popanda chipukutamisozi chimene ankayembekezera.

Anthu ambiri akamakamba za kugwa kwa kampaniyi amati inaphedwa ndi Amazon komanso malonda a pa intaneti. Zimenezi n'zoona, koma ndi mbali imodzi chabe ya nkhaniyi. Chaka chomaliza isanapite kukhoti, Toys "R" Us inagulitsa katundu wa madola oposa 11 biliyoni. Ogula analipo ndithu. Chimene chinkasowa ndi ndalama yotsala, chifukwa chaka chilichonse madola pafupifupi 400 miliyoni ankapita ku chiwongoladzanja cha ngongole imene kampaniyi inasenzetsedwa mu 2005 ndi anthu amene anaigula. Kuti munthu amvetse chifukwa chake antchito anatsala manja lende, ayenera kumvetsa kaye ngongole imeneyo.

Inayamba ndi timabedi ta makanda

Amene anayambitsa bizinesiyi ndi Charles Lazarus. Atabwerako ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anatsegula kasitolo mumzinda wa Washington mu 1948, momwe ankagulitsa timabedi ndi mipando ya makanda. Inali nthawi imene asilikali obwerera kwawo ankakwatira ndipo ana ankabadwa ambiri. Makolo obwera kudzagula bedi anayamba kufunsa ngati alinso ndi zidole. Lazarus anaona msanga kusiyana kwa katundu wa mitundu iwiriyi. Bedi limagulidwa kamodzi, ndipo mwana wachiwiri ndi wachitatu amagonanso pomwepo. Chidole chimathyoka, kapena mwana amatopa nacho, ndipo kholo limabweranso.

Mu 1957 anatsegula sitolo ya zidole zokhazokha, yokonzedwa ngati supamaketi: mizere italiitali ya mashelefu, wogula akukankha ngolo n'kumadzitengera yekha. Dzina la Toys "R" Us linayamba nthawi imeneyo, chilembo cha R chili chotembenuka ngati chalembedwa ndi mwana amene akuphunzira kumene kulemba. Chizindikiro chake chinadzakhala nyamalikiti wotchedwa Geoffrey.

Mphamvu ya kampaniyi inali kukula kwake. Inkagula katundu wambiri nthawi imodzi, motero mafakitale ankaipatsa mtengo wotsika. Masitolo ang'onoang'ono a zidole sankatha kupikisana nayo, ndipo ambiri anatseka. M'zaka za m'ma 1980 inatuluka kunja kwa America, n'kufika ku Canada, ku Singapore, ku Britain, ndipo kenako kumayiko ena ambiri kuphatikizapo Spain ndi Portugal. Mu 1996 inatsegula masitolo a katundu wa makanda otchedwa Babies "R" Us.

Akuluakulu anzake atalowa m'malonda a zidole

Malonda a zidole ali ndi vuto limodzi lalikulu: amadalira nyengo. Pa ndalama zonse zimene Toys "R" Us inkapeza pachaka, pafupifupi 40 peresenti inkabwera m'miyezi yozungulira Khirisimasi, imene ambiri kuno amaitcha Natal. Miyezi ina yonse lendi, magetsi ndi malipiro a antchito zimafunika kulipiridwa pamene masitolo ali zii.

Makampani ngati Walmart ndi Target alibe vuto limeneli. Amagulitsa zakudya, zovala, sopo ndi ziwiya chaka chonse. Natal ikayandikira amatha kutsitsa mtengo wa zidole zotchuka mpaka osapindulapo kanthu, podziwa kuti kholo lobwera kudzagula chidole litulukanso ndi nyama, nsapato ndi zakumwa. Kwa iwo chidole ndi nyambo. Kwa Toys "R" Us chidole chinali nsomba yeniyeniyo. Mu 1998 Walmart inapitirira Toys "R" Us n'kukhala wogulitsa zidole wamkulu ku America.

Pa intaneti napo zinthu sizinayende. Pa Khirisimasi ya 1999 kampaniyi inalandira maoda ambiri koma inalephera kufikitsa katundu kwa makasitomala ena pa nthawi yake. Mu 2000 inachita mgwirizano wa zaka 10 ndi Amazon, woti Amazon ndi imene iziyendetsa malonda ake a pa intaneti. Pambuyo pake Amazon inalolanso amalonda ena kugulitsa zidole patsamba lake, ndipo Toys "R" Us inakasuma mu 2004. Mgwirizano unatha mu 2006 khoti litagamula, ndipo mu 2009 Amazon inalipira madola 51 miliyoni kuti nkhaniyo ithe. Koma zaka zimene Toys "R" Us inkayenera kumanga tsamba lake ndi kuphunzira kutumiza katundu kumakomo zinali zitadutsa, ndipo makolo anali atazolowera kukasaka zidole ku Amazon.

Kuchotsa antchito kunayamba kalekale. Mu Januwale 2002 kampaniyi inalengeza kuti itseka masitolo 64 ndi kuchotsa anthu 1,900. Mu Novembala 2003 inalengeza kutseka masitolo onse 146 a zovala za ana otchedwa Kids "R" Us pamodzi ndi 36 otchedwa Imaginarium. Kampaniyi inali yodwala, koma inali idakali pa miyendo yake.

Kugula sitolo ndi ndalama za sitoloyo

Mu 2005 makampani atatu, Bain Capital, KKR ndi Vornado Realty Trust, anagula Toys "R" Us pa madola 6.6 biliyoni. Awiri oyambawo ntchito yawo ndi kugula makampani, kuwasintha, n'kudzawagulitsa pa phindu. Wachitatuyo amachita malonda a nyumba ndi malo. Pa mtengo wonsewo, ndalama imene anatulutsa okha inali pafupifupi madola 1.3 biliyoni. Yotsalayo, yoposa madola 5 biliyoni, inali yobwereka. Ndipo ngongoleyo sinalembedwe pa dzina la ogulawo. Inalembedwa pa dzina la Toys "R" Us.

Chitsanzo chapafupi chingathandize. Munthu akufuna kugula loja imene mtengo wake ndi 1,000,000 meticais, koma m'thumba ali ndi 200,000 yokha. Akupita kubanki n'kubwereka 800,000, ndipo chikole chake ndi loja yomweyo, nyumba yake ndi katundu wake. Mwini wakale walandira ndalama zake zonse, wapita. Kuyambira tsiku limenelo, loja imene dzulo inalibe mangawa aakulu iyenera kulipira juro mwezi ndi mwezi kuchokera mu kabati yake. Malonda akayenda bwino, ngongole imatha pang'onopang'ono ndipo wogulayo amakhala mwini wa loja ya miliyoni atatulutsa 200,000 yokha. Malonda akavuta, iye amataya 200,000 yake, koma loja yonse imagwa, ndipo ogwira ntchito mmenemo, amene sanasaine pepala lililonse kubanki, amagwa nayo limodzi.

Kugula kotere n'kololedwa ndi malamulo, ndipo nthawi zina kumayenda bwino. Kumafuna bizinesi imene ndalama zake zimalowa mokhazikika chaka ndi chaka. Toys "R" Us sinali yotero. Inali pakati pa nkhondo ya mitengo, ndipo inkafunika ndalama zambiri zokonzera masitolo ake.

Patangopita miyezi yochepa, mu Januwale 2006, eni atsopanowa analengeza kutseka masitolo 75 ku America ndi kuchotsa antchito pafupifupi 3,000.

Zimene chiwongoladzanja chinadya

Madola 400 miliyoni pachaka ndi ndalama imene ikanakonza masitolo okalamba, kumanga tsamba labwino la pa intaneti, kutsitsa mitengo pa Khirisimasi kapena kulemba antchito okwanira othandiza makasitomala. M'malo mwake inkapita kwa obwereketsa. Pamwamba pa izi, kampaniyi inkalipiranso eni akewo ndalama za uphungu ndi kayendetsedwe.

M'zaka zomwezo Amazon ndi Walmart ankathira ndalama zankhaninkhani m'nyumba zosungira katundu ndi m'njira zofikitsira katundu kwa ogula mwachangu. Ana nawonso anayamba kutha nthawi yambiri pa foni ndi pa tabuleti kusiyana ndi pa zidole zogwirika. Kampaniyo inalembanso m'malipoti ake kuti kuchepa kwa ana obadwa kukuopseza malonda ake. Mavuto onsewa anakhudzanso ogulitsa zidole ena. Kusiyana kwake n'kwakuti Toys "R" Us inkathamanga mpikisanowu itasenza mtolo kumutu.

Eni ake anayesa kutulukamo. Mu 2010 anakonza zogulitsa masheya a kampaniyi pa msika, zimene zikanabweretsa ndalama zochepetsera ngongole, koma mu 2013 anasiya ganizolo. Ngongole ikafika nthawi yobweza, ankabwereka ina n'kutsekera yakaleyo. Patatha zaka 12 chigulireni, mangawa anali adakali pafupifupi madola 5 biliyoni. Kumapeto kwa 2015 kampaniyi inatseka sitolo yake yotchuka ya ku Times Square mumzinda wa New York, imene mkati mwake munali gudumu lalikulu lozungulira lokwera ana, chifukwa lendi inali itakwera kwambiri.

Mphekesera, khoti ndi Khirisimasi yoipa

Kumayambiriro kwa Seputembala 2017 nkhani inatuluka kuti kampaniyi yalemba maloya oti aithandize pa za ngongole zake ndipo mwina ipita kukhoti. Mafakitale a zidole nthawi zambiri amapereka katundu pa ngongole, n'kudzalandira ndalama patapita masabata angapo. Atamva mphekeserazi, pafupifupi 40 peresenti ya operekera katundu anakana kutumiza kanthu pokhapokha atalipidwa kaye. Iyi inali nthawi yodzaza mashelefu pokonzekera Khirisimasi, ndipo kampaniyi inalibe ndalama zogulira katundu yense pa kashi.

Pa 18 Seputembala 2017 Toys "R" Us inakapempha chitetezo kukhoti la mumzinda wa Richmond, m'chigawo cha Virginia, pansi pa gawo la lamulo lotchedwa Chapter 11. Gawo limeneli silitanthauza kutseka. Limaimitsa kaye obwereketsa kuti asalande katundu, pamene kampani ikupitiriza kugulitsa ndi kukambirana za momwe ingachepetsere ngongole. Pa nthawiyo kampaniyi inali ndi masitolo pafupifupi 1,600 padziko lonse ndi antchito pafupifupi 64,000. Mkulu wake, David Brandon, anatsimikizira anthu kuti masitolo apitiriza kugwira ntchito.

Chiyembekezo chonse chinali pa Khirisimasi ya chaka chimenecho, ndipo inavuta. Makolo ena anaopa kugula mphatso kusitolo imene mwina mawa sidzakhalapo yoti akabwezeko katundu wowonongeka. Opikisana nayo, ataona kuti yafooka, anatsitsa mitengo kwambiri. Mu Januwale 2018 kampaniyi inalengeza kuti itseka masitolo pafupifupi 180 ku America. Pa 28 Febuluwale nthambi ya ku Britain inagwa, ndipo pofika kumapeto kwa Epulo masitolo ake onse, pafupifupi 100, anali atatsekedwa, anthu oposa 3,000 ntchito n'kuwathera. Pa 15 Malichi kampaniyi inauza khoti kuti ithetsa malonda ake onse ku America, komwe inali itatsala ndi masitolo 735. Ena mwa obwereketsa anali atawerengera kuti apeza zambiri pogulitsa katundu ndi nyumba kusiyana ndi kudikira kuti bizinesi idzuke. Patangotha sabata imodzi, pa 22 Malichi, Charles Lazarus anamwalira ali ndi zaka 94.

Ndani amalandira poyamba?

Kampani ikagwa, ndalama zopezeka pogulitsa katundu wake sizikwanira onse amene inali nawo mangawa. Choncho lamulo limaika mzere. Kutsogolo kumakhala obwereketsa amene ali ndi chikole, monga nyumba kapena katundu wa m'sitolo. Pafupi nawo pamakhala maloya ndi alangizi oyendetsa mlanduwo, amene pa nkhani ya Toys "R" Us analandira madola mamiliyoni ambiri. Ena onse amadikira zotsala, ndipo kawirikawiri zotsalazo zimakhala zochepa kapena palibiretu.

Apa pali kusiyana kumene owerenga a kuno ayenera kukudziwa. Lamulo la Ntchito la ku Moçambique limatchula za chipukutamisozi pamene bwana wathetsa ntchito ya munthu pa zifukwa za chuma. Ku America lamulo la dziko lonse silikakamiza zimenezi. Limangofuna kuti kampani yaikulu ichenjeze antchito masiku 60 isanawachotse ambiri nthawi imodzi. Chipukutamisozi chimadalira lonjezo la kampaniyo. Toys "R" Us inali ndi ndondomeko yotere, yowerengera zaka zimene munthu wagwira, koma itayamba kuthetsa malonda ndondomekoyo inaimitsidwa. Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Chimene chinawawa antchito kwambiri n'chakuti akuluakulu a kampaniyi anali atalandira mabonasi a madola mamiliyoni angapo patatsala masiku ochepa kuti apite kukhoti. Antchito anawerengera kuti chipukutamisozi chawo chonse chinali madola 75 miliyoni. Anachita zionetsero kumaofesi a eni kampani ku New York, anapita kwa aphungu ku Washington, ndipo anakalankhula kumisonkhano ya mabungwe osunga ndalama za penshoni za aphunzitsi ndi antchito a boma. Njira yomalizayi inali ya nzeru, chifukwa ndalama zambiri zimene makampani ngati KKR ndi Bain amagwiritsa ntchito zimachokera ku mabungwe amenewa.

Mu Novembala 2018, KKR ndi Bain anapereka madola 10 miliyoni aliyense ku thumba lothandiza antchito akale, zonse pamodzi 20 miliyoni. Vornado sinaikemo kanthu. Lamulo silinkawakakamiza kupereka, ndipo iwo anakumbutsa anthu kuti nawonso anataya ndalama zimene anaika mu 2005, komanso kuti amene anasankha kutseka ndi obwereketsa. Mu 2019 mlandu wa antchito unabweretsanso madola 2 miliyoni. Zonse pamodzi sizinafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene antchito ankafuna.

Anagwa ndani, anapulumuka ndani

Kugwa kwa sitolo yaikulu kumagwedezanso amene amaipatsa katundu. Mu Julayi 2018 kampani ya Mattel, imene imapanga zidole za Barbie, inalengeza kuti ichotsa antchito oposa 2,200, malonda ake atatsika chifukwa cha kutsekedwa kwa kasitomala wake wamkuluyu. Mafakitale ang'onoang'ono amene anapereka katundu pa ngongole anatsala m'mzere wa odikira. Ku Australia masitolo onse 44 anatsekedwa chaka chomwecho.

Kwina zinthu zinayenda mosiyana. Masitolo a ku Canada anagulidwa ndi kampani ya Fairfax Financial pa madola 300 miliyoni a ku Canada. A ku Germany, Austria ndi Switzerland anatengedwa ndi Smyths Toys ya ku Ireland. A ku Spain ndi Portugal anagulidwa mu 2018 ndi Green Swan, kampani ya ku Portugal, ngakhale kuti nawonso anadzakumana ndi mavuto n'kusinthanso eni ake mu 2022. Amene amayenda ku Joni mwina anadabwa kuona masitolo a Toys "R" Us ali otsegula pamene nkhani zinkati kampani yagwa. Chifukwa chake n'chakuti masitolo a ku South Africa ndi a kampani ya komweko, imene imangolipira chilolezo chogwiritsa ntchito dzinalo. Ngongole ya mu 2005 sinali pa mutu pawo.

Kupulumuka kwa masitolo amenewa kumasonyeza chinthu chofunika. Intaneti ndi mafoni zinaliponso ku Canada, ku Germany ndi ku South Africa, koma sitolo ya zidole yopanda mtolo wa ngongole inatha kupitiriza malonda.

Dzina linatsala, ntchito sizinabwerere

Obwereketsa anasunga dzina la Toys "R" Us ndi nyamalikiti wake, poona kuti n'zamtengo wapatali. Kumapeto kwa 2019 anatsegula masitolo awiri ang'onoang'ono, ina ku New Jersey ina ku Texas, koma onse anatsekedwa mu Januwale 2021 pa nthawi ya mliri wa Covid-19. Chaka chomwecho kampani ya WHP Global inatenga ulamuliro wa dzinali, ndipo mu 2022 zigawo za Toys "R" Us zinatsegulidwa mkati mwa masitolo a Macy's mazana angapo. Munthu wopita ku America lero akhoza kuliona dzinali, koma ndi bizinesi ina, yaing'ono poyerekeza ndi yakale ija.

Chimene antchito akale anasiya n'chosintha m'malamulo. Likulu la Toys "R" Us linali ku Wayne, m'chigawo cha New Jersey, ndipo aphungu a kumeneko anamva madandaulo awo. Mu Januwale 2020 bwanamkubwa Phil Murphy anasaina lamulo lokakamiza makampani a antchito 100 kapena kuposa kupereka chipukutamisozi akachotsa anthu 50 kapena kuposa: malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse chimene munthu wagwira.  Lamuloli linachedwa chifukwa cha mliri ndipo linayamba kugwira ntchito mu Epulo 2023, patatha zaka pafupifupi zisanu masitolo atatsekedwa. Amene analimenyera sanapindule nalo. Lidzateteza ena amene kampani yawo idzagwe mtsogolo.

Kwa wantchito aliyense amene kampani yake yasintha eni, funso loyamba limakhala lakuti bwana watsopanoyo ndi ndani. Nkhani ya Toys "R" Us ikuwonjezera mafunso ena awiri: wagula ndi ndalama za ndani, nanga ngongoleyo yalembedwa pa dzina la ndani?